Zimene tinaona amayi athu atakhala kunyumba yosamalira okalamba

Kwathu kuno ku Mchinji nkhani yokasiya kholo kunyumba yosamalira okalamba siikambidwa poyera, chifukwa woiyambitsa amaoneka ngati akufuna kutaya munthu amene anamubereka. Komabe mabanja ofika pamenepo alipo, ndipo popeza amachita manyazi, amapita mwakachetechete osafunsa aliyense, motero sadziwa choyenera kuyang'ana akafika pamalopo. Banja lathu linadutsamo, ndipo chachikulu chimene tinatolapo n'chakuti ubwino wa malo oterewa umadziwika ndi chiwerengero cha anthu otsala pantchito usiku, komanso ngati eni ake amakumbukira kuti nkhalamba yogona pabedi idakali mwini wake wa thupi lake, katundu wake ndi mawu ake.

Amayi anadwala sitiroko m'chaka cha 2023 ali ndi zaka 78, kumudzi kwathu cha ku Mkanda. Matenda a BP anali nawo kuyambira kale, ndipo monga achitira anthu ambiri, mankhwala ankamwa pokhapokha mutu ukawawa. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, lilime linalemera, koma nzeru zinatsala zonse, moti ankadziwa tsiku la msika ngakhalenso munthu amene anabwereka khasu lawo osabweza. Atatuluka m'chipatala ndinawatengera kunyumba kwanga pa boma, kumene ndimaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Masana ankatsala ndi mtsikana wantchito amene sankatha kuwanyamula yekha, ndipo usiku wodzuka ndinali ine. Achimwene ali ku Johannesburg, mng'ono wanga ali ku Lilongwe ndi ana aang'ono, ndipo kumudzi kunatsala okalamba anzawo ndi adzukulu apasukulu. Achimwene ndiwo anabweretsa ganizo la nyumba yosamalira okalamba, popeza kumene akukhala n'zachizolowezi, ndipo analonjeza kuti azitumiza ndalama mwezi uliwonse. Titakawafotokozera amalume monga eni mbumba, iwo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti, "Nanga alongo angawo eni ake mwawafunsa?" Amayi anavomera, ngakhale zinali zoonekeratu kuti akuvomera chifukwa chondimvera ine chisoni.

Malo amene tinapeza anali a munthu payekha, kufupi ndi msewu waukulu wopita ku Lilongwe. Inali nyumba yaikulu yokhalamo imene anaigawa zipinda zogona anthu awiri kapena atatu, ndipo okalamba onse analimo 14. Wofika masana ankaona bwalo losesedwa bwino, maluwa, makoma opakidwa penti, wayilesi ya kanema pabalaza ndi atsikana ovala yunifomu yoyera. Pepala limene tinasaina linali la tsamba limodzi, ndipo linkangonena za tsiku lolipira ndi chindapusa cha wochedwa kulipira. Miyezi yoyambirira zinthu zinkayenda ndithu, ndipo sindingabise zimenezo: amayi ankasamba tsiku lililonse, ankatulutsidwa kukaothera dzuwa, ndipo usiku pantchito pankatsala anthu awiri.

Zinthu zinatembenuka kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Matewera a akulu, magolovesi, sopo ndi mankhwala zinakwera mtengo nthawi imodzi, popeza zambiri zimachokera kunja. Eni malo anakweza malipiro ndipo tinamvetsa, koma sanatiuze kuti achepetsanso antchito. Zizindikiro zinkabwera pang'onopang'ono. Lamlungu lililonse ndinkapeza nkhope yachilendo, ndipo amene ankawadziwa bwino amayi ndinkauzidwa kuti anapita kwawo. M'zipinda munkamveka fungo la mkodzo lophimbidwa ndi mankhwala onunkhiritsa. Amayi anali ndi zikhadabo zazitali ndi milomo youma, ndipo nthawi zambiri ndinkawapeza akuwodzera dzuwa lili pamutu, chonsecho ndi munthu amene moyo wake wonse sankagona masana. Alendo ankaloledwa Lamlungu masana pokha, nthawi imene aliyense anali atasambitsidwa ndi kuvekedwa zochapa.

Tsiku lina m'nyengo yamvula ndikuchokera kumaliro ku Lilongwe, minibasi inachedwa kwambiri ndipo ndinaganiza zotsika kuti ndikawaone amayi, nthawi itadutsa kale 9 koloko usiku. Mlonda anakana kutsegula geti, koma ataona kuti mvula ikundinyowetsa ndipo ndilibe kolowera, anandilola. M'nyumba monse munali wantchito mmodzi, mtsikana wazaka ngati 20, amene ndinamupeza kukhitchini akutsuka mapoto. Nditamufunsa za mnzake anayankha kuti, "Mayi, ndili ndekha. Mnzanga anasiya ntchito mwezi watha." Anali pantchito kuyambira m'mamawa tsiku lomwelo ndipo ankayembekezeka kudzawerukanso m'mawa mwake. Amayi ndinawapeza atagona chagada, ali maso, atavekedwa matewera awiri nthawi imodzi kuti asavutike kuwasintha, koma onse anali atadzaza ndipo chitenje chimene anayala pamatiresi chinali chonyowa mpaka kumsana. Titathandizana kuwatembenuza, ndinawalitsa tochi ya foni ndipo pafupa la m'munsi mwa msana panali chilonda chotseguka, chachikulu ngati chitsekerero cha botolo, ndipo khungu la kuzidendene linali litada ndi kuwala. Ndisanalankhule chilichonse, amayi anandigwira ndi dzanja lawo lamoyo lija n'kunena movutikira kuti, "Mwanayu usamukalipire, watopa."

Ndinachezera pampando usiku umenewo, ndipo ndinaona mmene ntchitoyo imayendera. Bambo wina m'chipinda choyandikana ankaitana kufuna madzi, mayi wina ankafuna kuperekezedwa kuchimbudzi, wina anasanza, ndipo mtsikanayo ankathamanga uku ndi uku mpaka anakhala pansi m'khonde n'kugona tulo atatsamira khoma.

Namwino wa kuchipatala amene anatsuka chilondacho anandifotokozera zimene wachibale aliyense ayenera kudziwa. Munthu wosatha kudzitembenuza yekha ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, chifukwa thupi likatsamira malo amodzi nthawi yaitali magazi sayenda bwino pakati pa fupa ndi matiresi, ndipo mnofu umayamba kufa. Malo oyamba kuonongeka ndi m'munsi mwa msana, m'chiuno, kuzidendene, m'zigongono ndi m'mapewa. Mkodzo ndi chimbudzi zikakhalitsa pakhungu zimalifewetsa, ndipo chilonda chimatseguka msanga. Kwa ife akhungu lakuda kufiira kumene kumachenjeza sikuoneka bwino, choncho choyenera kuyang'ana ndi malo amene ada kuposa pena ponse, akuwala, akutentha kapena alimba mukawagwira. Zilonda zimenezi zikalekereredwa zimatha kufika pafupa, ndipo zimapha. Pamenepo ndinawerengera ndekha. M'nyumba muja anthu osadzuka pabedi analimo asanu ndi mmodzi, ndipo kusintha thewera, kupukuta, kudzoza mafuta ndi kutembenuza munthu mmodzi kumatenga mphindi zosachepera 15 ngati ukuchita mosamala. Zikatero, pa maola awiri aliwonse ola limodzi ndi theka limathera pa anthu amenewa okha, osawerengera asanu ndi atatu otsalawo, kuphika, kuchapa ndi kukolopa. Ndiponso munthu wolemera thupi amafunika anthu awiri pomutembenuza, apo ayi amakokedwa pansalu ndipo khungu limasupuka. Munthu mmodzi sangakwanitse ntchito imeneyo ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti mkwiyo wake asauthere pa atsikana ovala yunifomu aja. Ambiri amalembedwa ntchito popanda maphunziro alionse a kasamalidwe ka odwala, amalandira ndalama zochepa ndipo amagwira usana ndi usiku, ngakhale lamulo la ntchito la 2000 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, ndiponso kuti munthu asagwire masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma tsiku lathunthu. Malo amene amazunza antchito ake sangasamale makolo anu, ndipo kusinthasintha kwa nkhope ndi chenjezo lokwanira. Funso la namwino nalonso lifunsidwe mosapita m'mbali. Ife tinauzidwa kuti pamalopo pali namwino, koma zoona zake zinali zoti ankangobwera Loweruka kudzayeza BP. Yunifomu yoyera aliyense akhoza kusoketsa kwa telala. Namwino weniweni amakhala m'kaundula wa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndipo amakhala ndi chiphaso chake, pamene madokotala ndi makiliniko ofesala amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Kupempha kuona chiphaso chimenecho si chipongwe.

Kuwodzera kwa amayi kuja kunali ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, madzi ankawamana kuyambira madzulo pofuna kuti matewera asathe msanga, ndipo munthu wokalamba akasowa madzi m'thupi amafooka, amasokonezeka mutu ndipo amadwala matenda a m'chikhodzodzo mosavuta. Mkodzo wochepa, wakuda ndi wonunkha kwambiri ndiwo umaulula zimenezi. Chachiwiri, ankapatsidwa mapiritsi ogonetsa amene sanalembedwe m'buku lawo la kuchipatala ndi dokotala aliyense. Mankhwala oterewa amachititsa okalamba kugwa, ndipo kwa munthu wa sitiroko amene amavutika kale kumeza amawonjezera ngozi yotsamwa. Wodwala wotere amadyetsedwa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, phala kapena nsima yofewa, ndipo sagonekedwa atangomaliza kudya, chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo. Kudyetsa munthu mmodzi motere kumafuna nthawi, ndipo wantchito amene ali yekha nthawiyo alibe. Mukapita kukaona wodwala wanu, tsegulani buku la kuchipatala, onani tsiku limene anaonedwa komaliza, ndipo werengani mapiritsi otsala m'kapepala kuti muone ngati akugwirizana ndi masiku.

Titanena kuti tikuwatenga amayi, m'pamene nkhani ya ufulu inaonekera. Foni yawo yaing'ono, imene ankalankhulira ndi achimwene, inali itasungidwa muofesi ati kuopa kuti ingabedwe, ndipo ankaipatsidwa pokhapokha ife tikanena kuti tiimba. Chiphaso chawo cha unzika ndi buku la kuchipatala zinalinso m'kabati ya muofesi momwemo. Mwini malo anatiuza kuti amayi satuluka mpaka titalipira mwezi umenewo wonse ndi wina wotsatira, popeza sitinapereke chidziwitso. Amalume, amene anabwera nane tsiku limenelo, anayankha modekha kuti, "Bambo, za ndalama zanu tilemberana, koma munthu si chikole." Anali kunena zoona ngakhale pamaso pa lamulo. Ngongole ili ndi njira yake, ndipo amene akuona kuti sanalipidwe akhoza kukasuma kukhoti, koma kutsekera munthu wamkulu amene akufuna kutuluka ndi mlandu. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 18, amapatsa munthu aliyense ufulu wosatsekeredwa popanda chifukwa chovomerezeka. Gawo 19 limati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe ndipo limaletsa kuzunza kapena kuchitira munthu zinthu zomunyozetsa. Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo katundu wake ndi kulankhulana kwake ndi ena pa foni, pamene gawo 28 limaletsa kulanda munthu chuma chake mwachisawawa. Gawo 13 limaika udindo pa boma wolemekeza ndi kuthandiza okalamba. Palibe paliponse pamene analemba kuti ufulu umenewu umatha munthu akafika zaka 70 kapena akayamba kuvala thewera. Pamwamba pa zimenezi, mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire la Older Persons Act, limene limawerenga aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo kukhala wachikulire ndipo limaletsa nkhanza ndi tsankho kwa iwo. Pa nthawi ya nkhani yathuyi linali lisanayambe kugwira ntchito, koma amene akudandaula lero ali nalo poyambira.

Ufulu umenewu umamanganso ife ana. Amayi atafunsidwa pamaso pa mwini malo anangoti, "Ndikufuna kwa mwana wanga," ndipo mawu amenewo ndiwo anali ndi mphamvu kuposa anga kapena a amalume. Akanati akufuna kukhala, ife tikanayenera kulimbana ndi kukonza chisamaliro chawo pomwepo. Kholo limene lili ndi nzeru zake liyenera kufunsidwa za mankhwala amene likumwa, za amene alisambitse, popeza amayi ambiri achikulire sangalole kusambitsidwa ndi mwamuna, komanso za ndalama zake. Penshoni, lendi ya nyumba kapena ndalama za Mtukula Pakhomo, ntchito imene inayambira kwathu konkuno ku Mchinji mu 2006, sizisanduka za wosamalira chifukwa choti ndiye akusunga chiphaso kapena foni. Chenjerani kwambiri ndi pepala lililonse limene wokalamba akuuzidwa kudindapo chala achibale kulibe, makamaka lokhudza munda kapena puloti.

Panali mayi wina m'chipinda cha amayi amene nkhani yake imandiwawabe. Anali ndi matenda oiwalaiwala, ankadzuka usiku n'kumayendayenda akuitana anthu amene anamwalira kalekale, ndipo nthawi zina ankavula zovala. Masana ankamangiriridwa pampando ndi chitenje kuti asatuluke, ndipo ndinamva wantchito wina akunena kuti gogo ameneyu amatamba. Kuiwala, kusochera ndi kuyenda usiku ndi zizindikiro za matenda a ubongo amene amagwira okalamba ambiri padziko lonse. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo tonse tamvapo pawayilesi za okalamba amene aphedwa m'midzi chifukwa cha mawu oterewa, nkhani imene bungwe lomenyera ufulu wa okalamba la MANEPO lakhala likuidandaula kwa zaka zambiri. Pokasankha malo, funsani antchito eniakewo zimene amachita ndi wodwala woyendayenda usiku. Yankho lawo lidzakuuzani ngati anaphunzitsidwa kapena ayi.

Pofuna kudandaula tinayamba ndi umboni. Amayi atavomera, ndinajambula chilondacho pa foni, ndipo kuchipatala ndinapempha kuti alembe m'buku kukula kwake ndi tsiku limene anachiona. Kenaka ndinalemba kalata yofotokoza zimene ndinaona usiku uja, kuphatikizapo za mayi womangidwa uja, n'kukaipereka kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ya Social Welfare, imene imapezeka pa khonsolo ya boma lililonse. Ofesi imeneyi ndi yoyenera kufikako ngakhale musanapereke kholo lanu kulikonse, kukafunsa ngati malowo akuwadziwa ndiponso ngati anakawayenderapo. Pakakhala kumenyedwa, kutsekeredwa kapena kuberedwa, nkhaniyo ndi ya apolisi, ndipo ku Victim Support Unit amalandira madandaulo otere. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limafufuza za kuphwanyidwa kwa ufulu, ndipo amene sangathe kulipira loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ofesi ya Ombudsman imaona makamaka madandaulo okhudza maofesi ndi zipatala za boma. Pambuyo pake ndinamva kwa wachibale wa wodwala wina kuti pamalo paja anawonjezera wantchito wausiku.

Sindikunena kuti malo onse osamalira okalamba ndi oipa, ndipo pali mabanja amene alibiretu njira ina. Amene wafika pamenepo asasaine pepala longonena za ndalama. Mgwirizano ulembe chiwerengero cha antchito masana ndi usiku, masiku amene namwino amapezeka, ngati matewera ndi mankhwala zili m'malipiro, amene adzaimbire achibale wodwala akagwa kapena akadwalika, galimoto imene idzamutengere kuchipatala usiku, ndiponso kuti achibale ali ndi ufulu wofika nthawi ina iliyonse yoyenera popanda kuneneratu. Foni ikhale ndi mwini wake, chiphaso cha unzika chikhale ndi iye kapena wachibale amene iye wasankha, ndipo buku la kuchipatala likhale poti mungalione mukafuna. Malo okana kulemba zimenezi, kapena okana kuti muwaone nthawi ya chakudya chamadzulo, musawapatse munthu wanu.

Amayi tsopano ali kwanga pa boma. Ndalama zimene achimwene ankatumiza kumalo kuja timalipira amayi awiri a kumpingo kwathu, wina wa masana ndi wina wa usiku, amene namwino woona za odwala matenda okhalitsa anawaonetsa kutembenuza, kudyetsa ndi kutsuka chilonda. Kunena zoona mtengo wake sunatsike, chifukwa matewera ndi magolovesi tikugula tokha, ndipo chilonda chija chinatenga miyezi ingapo kuti chipole. Pambali pa bedi pali kope limene amalembamo nthawi imene amayi atembenuzidwa, zimene adya, makapu a madzi amene amwa ndi mankhwala amene alandira, ndipo mng'ono wanga akabwera amayamba kuwerenga kopelo asanakhale pansi. Osamalirawo tinalemberana nawo za malipiro, maola ndi tsiku lopuma. Mmodzi akapuma ndimalowa m'malo ndine, ndipo nthawi ya mayeso kusukulu, pamene sindingathe kuchezera usiku, mng'ono wanga amabwera kuchokera ku Lilongwe kudzagwirizira.